Kadiresi ka M'sutikesi

Foni ya malonda inayamba kulira m'mamawa ndipo sinapumenso. Mwamuna wa telala anali ataiiwala patebulo lodulirapo nsalu, moti imangonjenjemera pakati pa sizasi ndi choko. Telala anayesa kuinyalanyaza. Ntchito yake inali kusoka zovala za makanda basi. Zojambula, zoika pa intaneti ndi zoyankha makasitomala zinali za bambowo, amene kuika ulusi m'singano sankatha, koma pakamwa Mulungu anawapatsa mosaumira.

Atatopa nayo, anaitenga. Maoda anali atadzaza, ndipo aliyense amafuna chinthu chimodzi: kadiresi ngati kaja ka pa kanema. Kaja kati? Kasitomala wina anali atatumiza vidiyo yake yomwe.

Pasofa wa mu situdiyo panakhala woimba wina wotchuka, amene anali atangobereka kumene, akucheza ndi mtolankhani. Pambali pake panali mwamuna wa telala, ali mu jekete yake ya paukwati. Ndipo khanda la woimbayo linali litavala kadiresi koyera, ka timaluwa tachikasu m'khosi.

Telala anakhala pansi. Timaluwa timeneto anatisoka yekha pamanja, ali ndi pakati, akuyembekeza mwana wake woyamba. Mwanayo anali wamkazi, koma anabadwa osalira. Kuchokera nthawi imeneyo kadiresiko kamagona m'sutikesi pamwamba pa wodilopu, ndipo ngakhale achemwali ake sankadziwa kuti kakadalipo.

Mu vidiyomo mwamuna wake anaulula zonse: za kuchipatala, za mkazi wake kubwerera kunyumba manja lende, za sutikesi yomwe. Kenaka anagwira kumaso n'kuyamba kulira, misozi chuchuchu mpaka woimbayo anamugwira paphewa. Pansi pa chithunzi pamadutsa dzina la tsamba lawo la malonda.

Telala anakwera pampando, natsitsa sutikesi. Munali pepala lokutira lokhalokha.

Chitseko chinatseguka. Analowa mwamuna wake atasenza mpukutu wa nsalu yoyera, pambuyo pake apongozi atanyamula jumbo ya ulusi wachikasu. Apongoziwa, mayi a mwamunayo, anabwera kudzaona banjali, koma ulendo wawo wobwerera unkangokhala wa mawa.

"Akazanga, Mulungu watiyankha!" anatero bamboyo. Kenaka anaona sutikesi ili yasa pansi.

"Kadiresi ka mwana wanga kali kuti?"

"Khala pansi kaye tikambirane."

"Ndafunsa kuti kali kuti?"

"Ndinakapereka kwa woimba uja. Ngati mphatso. Mtolankhani anati zikhala bwino akakalandira pamaso pa anthu."

Telala anagwira tebulo. Misozi inatsika yokha, yotentha.

"Mwapereka? Chinthu chimodzi chokha chimene ndinatsala nacho? Ndinakupemphani chiyani ine m'nyumba muno? Galimoto? Ndinangoti sutikesi iyi musaikhudze."

"Tamvera," anachonderera mwamunayo, atatula nsalu. "Bizinesi imafa. Zithunzi ndimaika, palibe woyang'ana. Mtolankhani uja anandiuza mosabisa kuti anthu sagula diresi, amagula nkhani. Woimbayo nayenso anati sangabwere popanda chokhudza mtima. Ndikanakufunsa ukanakana."

"Ndiye mumadziwa kuti ndikana."

Bamboyo anangoyang'ana nsapato zake.

Apongozi anali atakhala kale pampando wabwino, akudzikupiza ndi nyuzipepala momwe munali chithunzi cha mwana wawo.

"Mpongozi, madzi akatayika saoleka," anatero. "Kadiresi kogona m'sutikesi kamadyetsa ndani? Njenjete basi. Lero dziko lonse likukudziwa, mawa akubwera a wailesi. Anzako bwenzi akuvina."

"Amayi, uja anali mdzukulu wanu."

"Ee, ndikukana ngati? Koma wapita wapita. Amoyofe tidye."

Telala anatembenuka. Maso ake anali pa mwamuna wake, ndipo mumtima mwake munali chinthu china chimene chimalimbana ndi mkwiyo. Munthu ameneyu kuchipatala sanagwetse msozi ngakhale umodzi. M'mawa mwake anavala n'kupita kuntchito, ndipo zaka zonsezi sanatchulepo za mwanayo. Telala analira yekha, mpaka anafika poganiza kuti anakwatiwa ndi mwala. Koma mu vidiyo muja mwalawo unalira.

"Bambo," anatero motsitsa mawu, "koma munalira."

Mwamunayo sanadzutse mutu.

"Zaka zonsezi ndimayesa ndinali ndekha. Kodi nanunso zimakupwetekani? Bwanji osandiuza? Bwenzi titalira limodzi m'chipindamu, osati pamaso pa dziko."

Anasendera pafupi. Zoona zake n'zakuti anali wokonzeka kukhululuka. Kadiresi akanatha kupita kukakapempha, ngakhale mogwada. Ngati mtengo wake unali wakuti mwamuna wake amulire mwana wawo, mwina akanaupirira. Anatambasula dzanja kuti amugwire mkono.

Apongozi ataona kuti mphepo yadekha, anafuna nawo ulemu wawo.

"Analira bwino mwana wanga, eti? Ine ndinali pompo, kuseri kwa makamera. Poyambatu zimakanika! Maso gwa, ngati a mbuzi. Wojambula akuti tibwereze, tibwereze, thukuta lokhalokha. Ndinachita kutulutsa kabotolo kanga ka mafuta a chimfine m'chikwamamu, ndati paka m'munsi mwa masomo. Basitu, inatsika ngati mpopi!"

Anaseka okha, akuomba m'manja.

"Amayi!" anakuwa mwamunayo.

"Chiyani? Ndanama?"

Dzanja la telala linaima m'malere, kenaka linabwerera pang'onopang'ono. Misozi inauma nthawi yomweyo. Sanamvenso mkwiyo, anangomva kuzizira, ndi manyazi akuti anatsala pang'ono kuthokoza mafuta a chimfine.

"N'zoona?" anafunsa.

"Zinthu za pakanema zimayenda choncho, akazanga. Sikuti mumtima..."

"N'zoona?"

"Ee."

Telala analowa kuchipinda. Anatenga zovala zake n'kuziponya m'sutikesi momwemo osapinda. Atatuluka anazula chingwe cha makina osokera kukhoma, nachikulunga modekha. Makinawo anagula yekha asanakwatiwe, ndipo palibe akanamuletsa. Anawavundikira ndi chivindikiro chake, nawanyamula dzanja limodzi, sutikesi dzanja linalo.

"Mpongozi, usachite zachibwana," anatero apongozi, kuseka kutatha. "Banja ndi kupirira."

"Ndapirira, amayi. Tsopano ndikupita kwa woimba uja kukatenga cha mwana wanga. Iyeyo ndi mayi, akandimva. Ndikachoka kumeneko, musandidikire."

Mwamunayo anathamanga n'kukaima pakhomo, atatambasula manja. Telala anaima. Mtima wa munthu ndi wopusa, chifukwa ngakhale pamenepo anadikira. Akanangoti pepani. Akanangofunsa kuti akagona kuti. Akanangotchula mwanayo kamodzi, popanda kamera.

Patebulo foni inanjenjemeranso. Maso a bamboyo anathamangira komweko, kenaka pa mpukutu wa nsalu, kenaka pa makina.

"Nanga maoda onsewa," anatero, "asoka ndani?"

Telala anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo anaona kuti m'maso mwa mwamunayo mukulengeza misozi. Iyi inali yeniyeni.

"Musapukute," anatero. "Itanani wojambula, lero yatuluka yokha."

Anamukankha ndi sutikesi, natuluka, ndipo chitseko anachimenyetsa mpaka mawindo ananjenjemera.