Makatoni M'sokosi

Chitsulo anamenya chitseko cha chipinda chovalira ndi chibakera mpaka loko inaguluka. Kochi anali atangolengeza kuti malipiro a mwezi umenewo nawonso kunalibe.

"Ndiye tidye chiyani, Kochi? Udzu wa m'bwalomu?" anakuwa Chitsulo, yemwe anali wotchinga kumbuyo komanso kapiteni wa timu ya kumsika.

"Pirirani, anyamata," anatero Kochi. "Loweruka tilandira timu ya mabwana. Bwalo lidzadzaza, ndipo za pageti zonse tidzagawana."

Timu ya kumsika inkadalira za pageti ndi zimene ogulitsa malonda ankaponya m'chipewa. Timu ya mabwana inali ndi basi yakeyake, dokotala wake, komanso dzina la kampani pachifuwa. Zimene wosewera wawo mmodzi ankalandira zikanakwanira timu yonse ya kumsika. Zotchinga pamsongolo zenizeni anyamata a kumsika sankazidziwa. Ankadula makatoni a sopo ndi kuwalowetsa m'masokosi.

Chomwe chinkamudya mtima kwambiri Chitsulo chinali mng'ono wake, Kamphepo. Chitsulo ndiye anamuphunzitsa mpira, koma mabwana ataona liwiro lake anamugula. Tsopano lendi ya nyumba ankalipira Kamphepo, ndipo chilichonse chimene Chitsulo ankadya pakhomopo chinkamuima pakhosi.

Akutuluka m'bwalo, Chitsulo anakumana ndi Wang'oma, mkulu wa ochemerera timu ya kumsika, atakoleka ng'oma yake paphewa.

"Akapiteni! Kapena tizikutchulani kuti mwana wa Kamphepo? Ndamva kuti ngakhale sopo amakugulirani."

Anzake anaseka chikhakhali.

"Kamng'ono kanuko katigulitsa," anapitiriza Wang'oma. "Loweruka mukaonetse kuti chitsulo sachiseweretsa. Kakatuluke pamachira. Mukalephera, dzinalo mutibwezere, tizikutchulani Thonje."

Loweruka m'mawa Chitsulo anapeza kaphukusi pamphasa yake. Munali zotchinga pamsongolo zatsopano, zolimba, zonyezimira. Kamphepo anali ataima pakhomo la chipinda, chikwama chili kumsana.

"Atipatsa kutimu, achimwene. Valani inuyo, mumagundana ndi anthu kwambiri."

"Nanga iwe?"

"Ine zimandilemera. Ndinazolowera makatoni athu aja, munkandidulira inu nomwe. Oimbira akagogoda pasokosi sadziwa n'komwe."

"Wayamba kundiponyera makombo ngati galu?" anatero Chitsulo.

Mayi awo anasiya kuchapa. "Iwe, mng'ono wako akukupatsa ndi mtima woyera. Mukapite mukasewere mpira, osati nkhondo. Nonse ndinakuberekani pamsana womwewu."

Komabe Chitsulo anazitenga zotchingazo.

Masana bwalo linadzaza mpaka ena anakwera pampanda. Mpira utangoyamba, zigongono zinayamba kuuluka. Wosewera wina wa kumsika anatuluka magazi m'mphuno, wa mabwana analavula dzino. Ochemerera a mabwana ankagwedeza zikwama za ndalama m'mwamba ndi kuimba kuti, "Amphawi! Mwadya lero?" A kumsika ankayankha ndi mabotolo.

Kenako Kamphepo analandira mpira, nadutsa Chitsulo ngati wadutsa mtengo, n'kuchinya. Sanavine, anangoweramitsa mutu. Koma kumbali kwa bwalo ng'oma inasintha kaimbidwe.

"Thonje! Thonje! Thonje!"

Makutu a Chitsulo anatentha. Posakhalitsa mpira unapitanso kwa Kamphepo cha kumzere. Chitsulo anathamanga, koma maso ake sanali pampira. Anali pasokosi yakumanja ya mng'ono wake, ndipo ankadziwa bwino chimene chinali m'kati mwake. Anadumpha ndi miyendo yonse iwiri, minga ya nsapato ili kutsogolo.

Kunamveka khoo! ngati nkhuni youma yathyoka.

Kamphepo anagwa nafuula mfuu imene Chitsulo anali asanaimvepo. Oimbira anatulutsa kadi yofiira, koma palibe anaiona. Mwala woyamba unachokera kwa ochemerera a mabwana n'kuphwanya mutu wa wogulitsa madzi. A kumsika anazula mabenchi. Mpanda unagwa, anthu anakhamukira m'bwalo, akumenyana ndi malamba, matabwa ndi njerwa. Magalasi a basi ya mabwana anasanduka mchenga. Apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, ana ndi amayi akupondedwa pothawa. Kugeti, anyamata ena anagubuduza tebulo nathawa ndi bokosi la ndalama, Kochi akuwathamangira nsapato imodzi ili m'manja.

Onyamula machira anali atathawa kale. Dokotala wa mabwana anali atabisala pansi pa basi. Chitsulo anayang'ana kumbali kufuna omuthandiza, koma pomwe panali Wang'oma panangotsala ng'oma yobooka.

Anagwada. Mwendo wa Kamphepo unali utapindika pamalo posapindika.

"Gwira khosi langa," anatero.

Anamubereka nayamba kudutsa m'utsi, akutsokomola. Botolo linamuphulikira paphewa, wina anamukwapula ndi lamba kumaso, koma sanatembenuke. Kunja anaimitsa galimoto ya masamba imene inawafikitsa kuchipatala.

Namwino anadula sokosi ndi sizasi. Anatulutsa kachidutswa ka katoni konyowa ndi magazi, dzina la sopo likuonekabe.

"Mpira wa masiku ano mumasewera ndi izi?" anafunsa modabwa, nakaponya m'mbale.

Dokotala wa pachipatalapo anati mafupa onse awiri athyoka. Za mpira anakana kulonjeza kanthu. Kochi anafika madzulo, malaya atang'ambika, nanena kuti bwalo alitseka ndipo za pageti sizinapezeke. Mayi anafika atavala patapata wosiyana. Sanakalipe. Anayang'ana Chitsulo kamodzi kokha, nakhala pansi n'kugwira dzanja la Kamphepo.

Chitsulo anaima kuphazi kwa bedi, akadali m'yunifomu.

Kamphepo anatsegula maso pang'ono, mankhwala atamufooketsa. Anayang'ana nkhope ya mkulu wake, kenako anatsitsa maso mpaka kumiyendo.

"Achimwene," ananong'ona, "zija zinakukwanani?"

Chitsulo anakhala pansi pasimenti. Anatsitsa masokosi ake pang'onopang'ono nasolola zotchinga zija. Zinali zonyezimirabe, ndipo pamisongolo pake panalibe ngakhale kachilonda. Anadziphimba nazo kumaso, mapewa ake akugwedezeka.