Nsalu Yobiriwira ya Kasuba

Uthenga unalowa Lachiwiri m'mawa, Kasuba Lombe akuphunzitsa kalasi yake ku Kitwe. Anautsegula pa nthawi yopuma.

Chinali chithunzi chake, alibe chovala kumtunda konse. Pansi pake panalembedwa kuti: "Lachinayi ndikuuza kokandipeza. Ubwere wekha. Ukakana, Loweruka apongozi ako ndi gulu lonse la kutchalitchi adzachiona."

Loweruka linali tsiku la phwando la chilangizo chake. Kudzabwera azimayi mazana awiri, ndipo mayi ake a Chomba, mwamuna womutomera, adzakhala pampando wakutsogolo. Nambala yotumiza sanaidziwe. Chomuopsa kwambiri chinali chakuti chithunzi chotere sanajambulitsepo chibadwire.

Ataweruka anathamangira kwa Bana Nkweto, nankungwi wake.

"Fufuta, mwana wanga, fufuta msanga!" anatero mayiwo akutseka mawindo. "Kupolisi usapondeko. Nkhaniyi ikafika kumeneko, mawa ili pamsika, ukwati watha."

"Nanga Lachinayi?"

"Tipemphera."

Bana Nkweto ndi munthu wabwino, koma kwa iwo nkhani ikabisidwa ndiye kuti yatha. Kasuba sanafufute. Lachitatu m'mawa anali kupolisi, kutsogolo kwa Sajeni Chishala, mayi wamfupi wosadziwa kuseka.

"Mwachita bwino kusunga, uwu ndi umboni," anatero Sajeni. "Mwa lamulo, kuopseza kokhaku ndi mlandu kale. Tsegulani tsamba ili, musankhe chithunzicho."

"Ndichikweze ndekha pa intaneti? Ayi, mayi!"

"Sichichoka m'foni mwanumu. Tsambali lingotenga chidindo chake, manambala okhaokha. Wina akachiika pa masamba akuluakulu a mchezo, makina achizindikira n'kuchitseka."

"Nanga akangowatumizira apongozi anga pafoni?"

Sajeni anapukusa mutu. "Kumeneko chidindo sichifika. Tim'gwire Loweruka lisanakwane."

Anakulitsa chithunzicho. Wojambulayo anachidula mwaluso: khoma loyera basi, popanda zenera kapena chitseko. Koma pakona panatsala kansonga ka nsalu yobiriwira ya mbalame zachikasu, itaikidwa pampando.

"Nsalu iyi munaivala kuti?"

Kasuba anayang'anitsitsa.

"Sindinaivalepo. Ndi ya Loweruka."

Nsalu ya mkwatibwi siionedwa ndi aliyense mpaka tsiku limene am'vundukula pamaso pa azimayi. Iyi inachoka m'sitolo ili m'pepala, n'kupita kwa telala, ndipo sinatulukekonso. Anaiona anthu atatu okha: Kasuba, Bana Nkweto, ndi a Kapembwa, amene akhala akusokera akwatibwi a kutchalitchi kwawo zaka khumi. Bambo aulemu, oitana aliyense kuti mlongo wanga. Nsalu zinadutsa zambiri m'manja mwawo, mpaka anaiwala kuti iyi inali isanaone dzuwa.

Nthawi ya 3 koloko masana galimoto ya polisi inaima pashopu. A Kapembwa anali ndi mapini pakamwa.

"Takulandirani, mlongo wanga. Tikusokereni chiyani?"

"Tionetseni koyezera zovala."

Kuseri kwa katani kunali khoma loyera, mpando, ndi wailesi yakale pashelefu. Sajeni anaitembenuza. M'kabowo ka sipika munali kamera yaing'ono ngati batani la malaya.

"Ndi ya akuba imeneyo," anatero a Kapembwa.

"Akuba amavulira muno?"

Sajeni anaimba nambala yotumiza uthenga ija. Foni inalira m'kabati, pansi pa nsalu yobiriwira. Mapini anagwa pansi. Unyolo unalowa m'manja.

M'fonimo munali zithunzi za azimayi makumi anayi ndi mmodzi, aliyense ndi dzina lake monga linalembedwera m'buku la miyezo. Apolisi anayamba kuwaimbira mmodzimmodzi.

Lachisanu madzulo Bana Nkweto anagogoda kwa Kasuba. Nkhope inali itagwa. Anakhala pansi osapereka n'komwe moni.

"Apolisi andiimbira nanenso," ananong'ona. "Diresi ya Isitala ija." Anatulutsa foni m'chikwama. "Za chidindo zija, mwana wanga, amayambira pati?"

Loweruka ng'oma zinalira. Kasuba analowa atafundidwa chitenje kumutu mpaka kumapazi. Pansi pake anavala diresi ya buluu yobwereka, poti yobiriwira ija inali kupolisi ngati umboni. Sajeni anali atamuuza zoona: a Kapembwa akulumbira kuti sanatumizire munthu, koma palibe angatsimikize.

Apongozi ake anadza kudzam'vundukula. Anagwira nsonga ya chitenje, n'kukoka. Ntchemberezo zinaphulika m'nthungululu, ndipo mafoni mazana awiri anakwera m'mwamba, onse kuloza iye.

Mkwatibwi amayenera kuyang'ana pansi, ndipo azimayi anayamikira kuti mwanayu walangidwa bwino. Bana Nkweto okha, amene anam'gwira dzanja, ndi amene anamva mmene linkanjenjemerera.