Dayamondi Wodya Maso

Wometa uja anthu ankangomutchula kuti Lumo. Ankametera m'kachipinda kopanikizika pakati pa sitolo ya mafoni ndi malo osokera nsapato. Munali mpando umodzi wong'ambika, galasi losweka pakona, ndi makina ometera amene ankatentha m'manja akangometa mitu ingapo. Magetsi akazima, nayonso ntchito inkaima.

Kunyumba kunali mkazi wake wosoka zovala, mayi ake okalamba, ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, amene anali atangoyamba sekondale. Mwanayo ankakonda kujambula. Zithunzi zonse za mametedwe zimene zinali pakhoma la kachipindako anajambula ndi iyeyo pamakatoni, ndipo akaweruka kusukulu ankakhala pakhomo n'kumayang'ana bambo ake akumeta, ngati akuona munthu wochita zodabwitsa.

Tsiku lina mlamu wake wa Lumo, mchimwene wa mkazi wake, anabwera kudzameta atakwera galimoto yatsopano.

"Alamu, mudzafa ndi lumo m'manja," anatero akukhala pampando. "Ndalama siziswana m'thumba. Ine ndinagula masheya."

"Masheya ndiye chiyaninso?"

"Ndi tizigawo ta kampani. Pali kampani ina yaing'ono imene ikuboola pansi kufunafuna dayamondi. Mgodi weniweni sunatsegulidwe, n'chifukwa chake masheya ake ndi otchipa ngati mchere. Akangolengeza kuti aona kamwala, mtengo umalumpha. Ine ndinagulitsako pang'ono, ndi iyo galimoto ili panjayo."

Lumo anaseka nawo, koma mtima unamuwawa. Anasesa tsitsi la mlamu wakeyo akumva ngati akusesa moyo wake womwe. Posakhalitsa anatenga ndalama zimene iye ndi mkazi wake ankasungira mwana za sukulu, n'kupita ku ofesi yogulitsa masheya, n'kugula. Miyezi inadutsa kampani ili chete. Mtengo unayamba kutsika, unatsikabe, mpaka Lumo anasiya kudya bwino.

Kasitomala wina amene ankaona nkhope yake ikugwa ndiye anamunong'oneza za sing'anga wina wokhwimitsa anthu pa malonda. Lumo anapitako masana dzuwa likuswa mtengo. Chipinda chake chinali kuseri kwa malo omatira matayala. Sing'angayo sanali nkhalamba ayi. Anali bambo wonenepa bwino, wovala malaya oyera ositasita, ndipo patebulo pake panali beseni la madzi akuda.

"Ukufuna mwala utuluke pansi," anatero sing'angayo, Lumo asanalankhule.

"Eya, asing'anga. Ndatopa ndi umphawi."

"Dayamondi amakhala mumdima, pansi penipeni. Njira yokwerera saiona. Amafuna maso omutsogolera."

"Maso a mbuzi? Ndingathe kugula."

Sing'angayo anaseka osatsegula pakamwa. "Mbuzi imakudziwa iwe? Chizimba chake ndi maso amene amakuyang'ana ndi chikondi."

Lumo anapukusa mutu. "Ine kupha munthu ayi."

"Ndani wanena zakupha? Munthuyo azidya, aziyenda, aziseka. Kuona kokha ndiko kuchoke."

Lumo anaganiza za mayi ake, amene diso lawo limodzi linali kale ndi ng'ala. "Mayi anga ndi okalamba," anatero motsitsa mawu. "Zoona anaona kale."

"Wanena ndi iwe. Ine sindinatchule munthu." Sing'angayo anatulutsa kagalasi kakang'ono, kumbuyo kwake kuli nsalu yakuda. "Ndiwe wometa, tsitsi silikusowa. Tengako la aliyense wa m'nyumba mwako, usokere m'nsalumu, ukapachike kagalasika pabalaza. Lamulo ndi limodzi. Usagulitse sheya ngakhale imodzi mgodi usanatsegulidwe. Ukagulitsa, mdima udzachoka kumene uli, udzabwera m'maso mwako."

Lumo anachita zonse monga anauzidwira. Mkazi wake anangoti kagalasiko n'kokongola.

Sipanatenge nthawi, kampani inalengeza kuti m'dothi limene inatulutsa pansi mwapezeka timiyala ta dayamondi. Mtengo wa masheya unakwera ngati moto wolusa. Kalaliki wa ku ofesi ija, amene kale sankamupatsa n'komwe mpando, anayamba kumutchula kuti bwana. Popeza sakanagulitsa, Lumo anapita kubanki, ndipo banki inamubwereka ndalama masheyawo ali chikole. Zina anagulira masheya ena. Zina anagulira nyumba ya mpanda, galimoto yoposa ya mlamu wake, ndi malo ometera aakulu okhala ndi mipando yozungulira ndi anyamata ovala yunifolomu.

M'mawa uliwonse ankapita kukapereka moni kwa mayi ake akuwayang'anitsitsa m'maso.

"Mwadzuka bwanji, amayi? Maso ali bwanji?"

"Ali momwemo, mwananga. Ndikukuona bwinobwino kuti wanenepa."

Lumo anayamba kuganiza kuti mwina mwala wamukhululukira.

Madzulo ena akudya, mwana wake anatambasula dzanja kuti atenge kapu, n'kuiphonya. Anayesanso, n'kuigwetsa.

"Ababa, kodi babu ili likutha mphamvu? M'nyumba muno mwayamba kuchita mdima masiku ano."

Babulo linkawala ngati dzuwa. Lumo anakankhira mbale yake pambali.

Anapita naye kwa madokotala a maso odula kwambiri. Anamuunika, anamuthira mankhwala, anamupatsa magalasi, koma onse ankanena zofanana, kuti m'masomo sakupezamo matenda. Mwanayo anayamba kujambula atagunditsa mphuno papepala. Kenako mizere inayamba kusemphana, nkhope za anthu zikutuluka pakamwa pali pambali.

Lumo anathamangira kwa sing'anga.

"Munandinamiza! Ine ndinati mayi anga!"

"Ndinakuuza kuti maso amene amakuyang'ana ndi chikondi. Mwala umayambira pamene chikondi chachuluka. Kodi m'nyumba mwako sunkadziwa amene amakukonda koposa?"

"Bwezani, chonde. Tengani nyumba, tengani galimoto."

"Nyumba ilibe maso. Njira ukuidziwa. Kagulitse lero, mwana adzuka akuona mawa. Iwe ndiye uzigwidwa dzanja."

Lumo anatuluka n'kulunjika ku ofesi ya masheya. Panjira ankalira, akudziuza kuti bambo weniweni sawerengera maso ake. Atalowa anapeza anthu adzaza, akukuwa ndi chimwemwe. Kampani inali italengeza kuti yabweretsa makina akuluakulu oboolera, ndipo mtengo unali utakweranso.

"Bwana, mwabwera kudzawonjezera?" anafunsa kalaliki uja. "Akuti mgodi utsegulidwa chaka chisanathe. Wogulitsa pano ndi wamisala."

Lumo anaima pakauntala. Anayang'ana kuwala kwa dzuwa pawindo, mitundu ya zovala za anthu, manja ake omwe. Anaganiza kuti mgodi ukatsegulidwa lamulo lidzatha lokha, ndipo adzakhala ndi ndalama zotumizira mwana kwa madokotala akunja. Kudikira pang'ono chabe.

"Ndimangodutsa," anatero, n'kutuluka.

Anabweranso kangapo, ndipo ulendo uliwonse ankabwerera pakhomo.

M'mawa wina mwanayo anaitana ali kuchipinda kwake. "Amayi, kodi kunja kwacha? Ndikumva mbalame, koma sindikuona windo." Mayi ake anathamanga, n'kumupeza atakhala pabedi maso ali tong'o, oyera bwino, osaona kanthu. Pasanathe mwezi, agogo ake nawonso anagwa pamasitepe, diso lawo labwino lija litazima.

Mwanayo sanadandaule. Bambo ake akafika kunyumba ankawadziwa ndi mapazi, n'kutambasula manja kuti awagwire nkhope.

"Musalire, ababa. Nkhope yanu ndinaisunga m'mutu. Sindingaiiwale."

Tsiku lina mkazi wa Lumo akupukuta fumbi pabalaza, kagalasi kaja kanagwa, nsalu yakumbuyo n'kung'ambika. Monga wosoka, anaona msanga kuti msokowo ndi wa munthu wosadziwa singano. Anatulutsamo timitolo ta tsitsi: la imvi, lake lomwe, ndi lina lofewa limene ankaliluka ndi manja ake kuyambira mwanayo ali khanda. Anadikira mwamuna wake pakhonde, tsitsilo lili m'manja.

"Abambo, ichi n'chiyani?"

Lumo anagwada pansi n'kuulula zonse, ngakhale za njira yobwezera.

Mkaziyo sanakuwe. Anafunsa ndi mawu otsika kwambiri. "Ndiye kuti tsiku limene mwana ankandifunsa ngati kwacha, inu munkadziwa chochita?"

"Ndimadikira mgodi, mayi a mwana. Ndimafuna kuti tonse…"

"Nyamukani. Pitani mukagulitse. Ndidzakugwirani dzanja moyo wanga wonse, ndidzakudyetsani ndi singano yanga, koma mwana wanga aone."

Ulendo uno Lumo anapita ndi mtima umodzi. Anafika pa ofesi n'kupeza anthu ali panja, ena atagwira mitu, mayi wina atakhala pansi akulira. Kalaliki uja anali pakhomo, tayi atamasula.

"Ndikufuna kugulitsa onse," anatero Lumo. "Pamtengo uliwonse. Ngakhale waulere."

"Simunamve, bambo? Kampani yalengeza m'mawa uno. Timiyala tija n'tating'ono, ndiponso n'tochepa, sitingalipire mgodi. Ndalama zoboolera zatha, makina abwezedwa kwa eni ake. Malonda a masheya amenewa aimitsidwa. Palibe wogula, palibe wogulitsa."

Lumo anagwira anthu malaya mmodzimmodzi, akuwapempha kuti amugule sheya imodzi yokha. Anamukankha, poganiza kuti akuwaseka. Anapita kwa mlamu wake, koma naye anali atataya zake zotsala, ndipo anamuuza kuti ngakhale atafuna, ofesi singalembe malondawo. Pomaliza anakagwa pamapazi a sing'anga.

"Ndavomera. Tengani maso anga."

"Ine sinditenga kanthu. Ndinati ukagulitsa. Wogulitsa amafuna wogula. Nthawi imene ogula anali mbwee, iwe unkangodutsa."

"Nanga mkazi wanga? Nayenso achita khungu?"

Sing'angayo anayang'ana m'beseni muja kwa kanthawi. "Ameneyo usamudere nkhawa. Wasiya kukuyang'ana ndi maso amene mwala umafuna."

Banki inatenga nyumba, galimoto ndi malo ometera. Mkazi wa Lumo anabwereka kachipinda kuseri kwa msika, n'kutenga mwana wake ndi apongozi ake omwe, akuti mayi wokalambayo sanalakwe kanthu. Agogowo sanakhalitse. Anamwalira akufunsabe chifukwa chimene mwana wawo sabwera kudzawaona, pakuti palibe amene analimba mtima kuwauza.

Lumo mutu unasokonekera pang'onopang'ono. Anayamba kulankhula yekha za mitengo ya masheya, kenako anayamba kukumba m'mbali mwa msewu ndi zala. Ankatola magalasi a mabotolo osweka n'kudzaza m'matumba, manja ali magazi okhaokha, akuuza odutsa kuti mgodi watsegulidwa.

Tsiku lina mkazi wake akudutsa pafupi ndi msika atagwira mwana dzanja, mwanayo anaima mwadzidzidzi.

"Amayi, mawu awo ndi a ababa."

"Tiye, mwanangu."

"Ayi, amayi. Ndiperekezeni."

Mayiyo anamutsogolera mpaka pamene Lumo anakhala m'fumbi, tsitsi litapotana, ndevu zitafika pachifuwa. Mwanayo anagwada n'kufufuza nkhope ya bambo ake ndi zala. Lumo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapisa m'thumba, n'kutulutsa kachidutswa ka botolo, n'kukakweza padzuwa patsogolo pa maso a mwanayo.

"Taona, mwanangu. Ndamupeza dayamondi uja. Taona mmene akuwalira."

Mwanayo anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawuwo, misozi ikutsika.

"Ndaona, ababa," anatero. "Ndi wokongola."

Inu amene mtima ukukuwawani poona za anzanu, imvani. Masheya amakwera ndi kutsika, ndipo wotaya ndalama pamalonda amalira n'kudzukanso. Koma chuma cha zizimba sichilipiridwa ndi ndalama. Chimasankha chokha chimene chikufuna m'nyumba mwanu, ndipo chimayambira pa amene amakukondani koposa. Dyera likangolowa mumtima, munthu amagulitsa chimene sadzathanso kuchiwombola.