Chitsulo cha Moto pa Katoni ya ku Zomba

Anzanga, sitikusamuka! Abambo ntchito yawo ikadalipo, achimwene anga a Edwell akhululukidwa, ndipo dzanja lawo likupola. Dikirani ndipume, ndikuuzeni bwinobwino.

Paja ife timakhala kuseri kwa nyumba ya a Mhango ku Area 11, kumene abambo amaphika. A Mhangowo angosamuka kumene kuchokera ku Zomba pamodzi ndi ofesi yawo, moti makatoni ena akadali m'galaja osamasula. M'galajamo ndi momwe analola achimwene kukonzeramo mawailesi, poti muli magetsi. Kwathu madzulo timapemphera limodzi, ndipo woyambitsa nyimbo anali achimwene.

Chitsulo chawo chowotcherera mawaya n'chotchipa, anagula ku Old Town. Chilibe pozimitsira, chimangotenthabe. Abambo ankati, "Edwell, ukamaliza kusungunula mtovu zula pulagi. Ndipo uzichigoneka pa njerwa, osati pena."

Kenaka kunabwera Lexon, wopenta maofesi atsopano ku Capital Hill.

"Akulu, mukalamba ndi mawayatu! Tiyeni tikanyowetse kukhosi."

"Ndikukonza wailesi ya madamu."

"Ili ndi miyendo, ithawa?"

Anapita tsikulo, mawa lakenso. Kwaya anasiya. Amayi anawagwira mkono n'kunena, "Mwanangu, fungo ili si la pakhomo pano." Iwo anangoseka.

Loweruka masana Lexon anaimba mluzu pageti. Achimwene anachita ulesi kuzula pulagi, ati chitsulocho chikazizira chimachedwa kutentha. Njerwa inali patali. Anachisanjika pa katoni, ulendo.

Ine ndikuchapa yunifomu, ndinamva fungo la chopserera. Utsi tolotolo m'galaja! Ndinakuwa. Achimwene anali pakona, botolo kukamwa. Anathamanga, n'kukokera katoni yoyakayo panja ndi manja, dzanja limodzi n'kupsa kwambiri. M'katonimo munali diresi la ukwati la mayi Mhango, losokedwa ndi malemu amayi awo. Linangotsala phulusa.

A Mhango anauza abambo kuti, "Lawford, sabata ikamatha mukhale mutachoka." Abambo anangowerama.

Lexon ananong'oneza achimwene, "Ingonenani kuti ndi mawaya a nyumba zatsopanozi."

Koma dzulo achimwene anakagwada pamaso pa mayi Mhango. "Madamu, si magetsi, si abambo. Ndine. Ndinasiya moto, kuthamangira mowa. Thamangitsani ine ndekha."

Mayi Mhango analira nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana chinsanza chinali kudzanjacho. "Wakumanga chonchi ndani? Bweretsa kuno." Anatsuka balalo okha, pang'onopang'ono, n'kuuza amuna awo, "Felton, anthu awa sakupita."

Zala ziwiri sizidzawongokanso, atero kuchipatala. Anzanga, mowa ndi ulesi zimawotcha, ndipo sizisankha wolakwa yekha. Zinatsala pang'ono kutisowetsa pogona tonse. Mnzako akakuitana uli pantchito ya moto, zimitsa kaye, ndipo umufunse kumene akukutengera.

Mawa achimwene akaima kutsogolo kutchalitchi, akalapa, kenaka akayambitsa nyimbo. Evelesi, Lucy, mubwere msanga, ndikusungirani malo pabenchi yakutsogolo!