Katsache Wasesa Mapale

Katsache ankakonda kusesa. Ankasesa kunyumba. Ankasesa kusukulu. N'chifukwa chake aliyense ankamutchula Katsache.

Katsache ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kalasi ya denga. Kalasi yake inali pansi pa mtengo. Mvula ikabwera, makope ankanyowa. Nayenso ankanyowa.

Tsiku lina amisiri anafika pasukulu. Mkulu wawo anali bambo ake a Katsache. Anayamba kukumba maziko. Anakumba, anakumba.

Pambali pawo panaima mayi wa chipewa chachikulu. Iye sankakumba. Ankangoyang'ana dothi. Khasu likalowa, ankayang'ana. Fosholo ikatuluka, ankayang'ana. Bambo anati mayiyo ndi katswiri wa zinthu zakale. Ntchito yake ndi kuona ngati pansi pali za makolo. Ana anamutcha Mayi Zakale.

Kenako Mayi Zakale anakweza dzanja. Makasu onse anaima. Iye anagwada m'dzenje. Anatulutsa kaburashi konga kotsukira mano. Anayamba kusesa dothi ndi kaburashiko.

Katsache kukamwa kunangoti yasa.

Madzulo anafunsa bambo ake chifukwa chimene ntchito yaimira.

"Tapeza dzala, mwanawe," anatero bambo. "Dzalalo lisanachoke, sitimanga."

"Dzala lotayako zinyalala, ababa?"

"Lomwelo."

Katsache anadabwa. Akuluakulu onsewo kugonja ndi zinyalala? Nanga mayi uja ndi kaburashi kake? Adzamaliza mano onse atagweluka.

M'mawa mwake Katsache analawirira. Anatenga tsache lalikulu ndi ndowa. Anadutsa pansi pa chingwe chotchinga dzenje. Dzenjelo silinali lakuya. Munali mapale a miphika. Munali makala. Munali timafupa. Katsache anasesa. Anasesanso. Anawolera zonse m'ndowa. Anakakhuthula kudzala la sukulu, kuseri kwa makalasi. M'dzenje munangoti mbee.

Mayi Zakale anafika. Anasuzumira m'dzenje. Chipewa chinagwa.

Bambo anafika. Anasuzumira m'dzenje. Fosholo inagwa.

Aphunzitsi anafika. Anasuzumira m'dzenje. Choko chinagwa.

Onse kukamwa yasa.

"Ndakuthandizani," anatero Katsache. "Tsopano mutha kumanga."

Mayi Zakale anakhala pansi, padothi pomwepo. Anapuma kaye. Kenako anafotokoza mofatsa. Dzala lija silinali la dzulo kapena dzana. Linali la anthu akale kwambiri. Ankakhala pamenepa sukulu isanabwere. Sanasiye mabuku. Sanasiye zithunzi. Anasiya zinyalala zokha. Mapalewo ndiwo amatiuza mmene ankakhalira. Akapanda kupezeka, ntchito siipitirira msanga.

Katsache anayang'ana kumwamba. Mitambo inali bii. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Wawataya kuti, mwana wanga?" anafunsa Mayi Zakale.

"Kudzala."

"Wachotsa za m'dzala n'kukataya kudzala?" anafunsa aphunzitsi.

Bambo anatsokomola. Koma sichinali chifuwa.

Onse anathamangira kuseri kwa makalasi. Kumeneko anagwira pakamwa. Ana ena anali atasesa kale pabwalo. Anali atathira zinyalala zawo pamwamba. Panali mapepala. Panali makoko a nthochi. Panali nsapato yopanda inzake. Mapale sankaoneka.

Mwamwayi, Mayi Zakale anali atajambula zonse dzulo lake. Anatulutsa foni. Phale lililonse linali pachithunzi. Lina linali ndi mizere. Lina linali ndi timadontho. Lina linali ngati khutu.

Onse anavala magolovesi. Anayamba kufufuza. Mayi Zakale anafufuza. Bambo anafufuza. Ngakhale aphunzitsi anapinda malaya.

Katsache anapeza la mizere. Anapezanso la timadontho. Aphunzitsi anatola kanthu kofiira. Anakakweza monyadira.

"Aka n'ka makolo?"

"Ayi, aphunzitsi," anatero Mayi Zakale. "Ako n'ka Lolemba. N'kachitsekero ka botolo."

La ngati khutu linavuta. Analifuna apa. Analifuna apo. Katsache anaganiza. Anatola nsapato ija n'kuigwedeza. Phale linagwa, gobede.

Anatsuka mapale onse. Anawayala patebulo. La mizere linagwirana ndi la timadontho. La ngati khutu linalowa pambali. Pang'onopang'ono mphika unayamba kuoneka. M'mphepete mwake munali chidindo cha chala. Katsache anaikapo chala chake. Chinakwanira ndendende. Kukamwa kunangoti yasa.

Mayi Zakale anabwerera m'dzenje. Anamaliza ndi kaburashi kake. Anachedwa ndithu. Katsache ankaonerera ali kunja kwa chingwe. Manja anabisa kumbuyo.

Kenako Mayi Zakale anagwedeza mutu. Makasu anayambanso. Njerwa zinakwera. Mawindo analowa. Denga linakhala pamwamba.

Tsiku lotsegulira kalasi kunagwa mvula yambiri. Inkalira padenga. Katsache anagwira kope lake. Linali louma.

Makolo anabwera kudzaona. Amayi ake anabweretsa tiyi. Bambo ankaloza denga, kapu ili m'manja. Kapu inapulumuka. Phwaa!

 Onse anayang'ana Katsache.

Katsache anayang'ana zidutswazo. Anayang'ana Mayi Zakale.

"Ndisese," anafunsa, "kapena mujambule kaye?"

"Sesa, mwanawe," anatero amayi ake. "Bambo akowa sanafike pokhala akale."