Lipenga la Gwirize

M'masiku amene mfuti zinali zisanamveke m'dziko muno, mfumu Nyalubwe ya m'chigwa cha Chambwe inamwalira isanatchule woilowa m'malo. Inasiya ana awiri a mlongo wake, Sankhulani wamkulu ndi Kamphinda wamng'ono, ndipo onse awiri anali atayamba kale kunola nthungo.

Pabwalo nduna yaikulu inaimirira n'kunena kuti, "Mwazi wa pachibale suuma. Ufumuwu mulimbirane pa mpira wa utomoni, amuna khumi uku, khumi uko. Tipachika mtsuko wobooka kunsi, ndipo madzi akatha, masewera atha. Mbali iliyonse ingathe kuomba lipenga kawiri. Likalira titseka chibowo, anthu apume. Mukafanana zigoli, mpando ndi wa wamkulu. Wogonja asamuke ndi anthu ake mvula isanagwe."

Kamphinda anasankha Gwirize, mlenje wakale wodziwa kuyala anthu pa uzimba, kuti aphunzitse amuna ake ndi kuwasungira lipenga.

Tsikulo kunalibe ng'oma kapena nthungululu. Akhungubwe anatera pamitengo ya m'mbali mwa bwalo, ndipo nkhalamba zinayang'anana.

Dzuwa litapendeka, amuna a Kamphinda anali patsogolo ndi chigoli chimodzi. Amuna a Sankhulani anali atamaliza kale malipenga awo onse, akupuma ngati ng'ombe zothamangitsidwa. Madzi sankatsikanso ngati chingwe, ankangoti dontho, dontho.

Pamenepo mpira unagubuduka n'kufika chakufupi ndi mizati ya a Kamphinda. Gwirize anaona mpata pakati pa amuna ake awiri, ndipo anachita mantha. Anakweza lipenga.

Kamphinda anamugwira mkono. "Akuluakulu, lekani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mumtsukomo simunatsale ndi madzi omwetsa nkhuku omwe. Anthuwo miyendo yawathera."

"Mfumu yanga, ndaona khomo lotseguka," anayankha Gwirize. "Ndikalitseke."

Lipenga linalira. Nduna inatseka chibowo ndi chala. Amuna a Sankhulani anagwa pansi, anamwa madzi, anapangana mwakachetechete, ndipo anadzuka ali anthu ena. Chala chitachoka, anapatsirana katatu kokha, mpira n'kudutsa pakati pa mizati. Madontho asanu anagwa, mtsuko n'kuuma zigoli zitafanana, ndipo mpando unapita kwa Sankhulani.

Kamphinda sanatukwane. Anasonkhanitsa anthu ake n'kuwauza kuti, "Tinalumbira pamaso pa mizimu. Mangani akatundu." Ndipo kwa Gwirize anati, "Sindikuphani. Muziyenda patsogolo, muzitionetsa njira, kuti aliyense wotopa azidziwa msana womwe akuutsata."

Anayenda mwezi wathunthu. Ana asanu ndi awiri anaikidwa m'mbali mwa njira, ndipo manda onsewo anakumba ndi Gwirize, osalola womuthandiza. Atafika kumapiri a miyala, iye sanamange nyumba pakati pa anzake.

Zidzukulu za Kamphinda zikulimabe m'miyalamo. Mpaka lero, mnyamata wakwawo akamapita ku mlandu kapena ku mpikisano, amalume ake amamuperekeza mpaka pamphambano n'kumuuza mawu amodzi okha: "Mdani akamamira, usamuponyere chingwe chifukwa cha mantha ako."