Tabuleti M'dengu la Tiyi

Amake Cathy analowa pasukulu akukoka mwana wawoyo pamkono. Kudzanja linalo ananyamula tabuleti yokulunga m'chitenje. Pa ofesi sanaodire nkomwe.

"Aphunzitsi, katundu wanu uyu. Ndamupeza m'dengu langa lothyolera tiyi, pansi pa sanza. Mwana uyu mufufuteni m'kaundula, azikathyola tiyi ngati ine. Sindinaberekepo mbava."

A Malizani, aphunzitsi a Sitandade 7, anaimirira. Dzulo lake tabuleti imodzi inasowa m'kalasi mwawo, ndipo ahedi anali atanena kale kuti wakubayo akapezeka achotsedwa sukulu.

"Takhalani pansi, mayi."

"Sindinabwerere kudzakhala. Ife tinkalemba padothi ndi chala, ndipo palibe anabapo dothilo. Inu mwabweretsa timagalasi tanuti, taonani lero!"

A Malizani anatembenukira kwa mtsikanayo. "Cathy, unatengeranji?"

Cathy anayankha akuyang'ana pansi. Dzulo aphunzitsi anawaonetsa mapu a pa intaneti, ojambulidwa kuchokera kumwamba, n'kuwauza kuti aliyense apeze kwawo. Anzake anafunafuna madenga awo, akuseka. Iye sanafune nyumba ya amalume ake ku Nchilamwela, kumene ankakhala tsopano. Chala chake chinatsata msewu wofiira wodutsa m'minda ya tiyi mpaka kumalaini, nyumba za antchito a pa esiteti ya tiyi.

"Ndinapeza kwathu, amayi. Ndimafuna muoneko. Koma nditafika nayo kunyumba inangoyera mbee, kanthu kakungozungulira pakati. Ndinaopa kuti ndaiwononga, ndiye ndinabisa."

"Mapuwo sakhala m'katimo," anatero a Malizani. "Amabwera ndi netiweki ya pasukulu pano."

"Kwathu kuti?" anakalipa mayiwo. "Tili ndi kwathu ife?"

Funsolo silinali lachabe. A Raphael, bambo ake a Cathy, anagwira ntchito mufakitale ya tiyi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Atamwalira, esiteti inapatsa banjalo mwezi umodzi wokha. Nyumba ndi ya wantchito, wantchito akafa nyumba ibwerere, basi. Nkhata za pamanda zisanafote, kalaliki anafika ndi loko watsopano. Chichokereni pamenepo, mayiwo akamapita kokathyola tiyi waganyu ankazungulira njira yakutali kuti asaone malainiwo.

A Malizani anayatsa tabuleti ija n'kuipereka kwa Cathy. Mtsikanayo anatambasula zala pagalasi. Kunaoneka tiyi wobiriwira, kenako madenga a malata atandandalika mzere.

"Nyumba yathu ndi yachitatu iyi, amayi."

Mayiwo anasuzumira monyinyirika. Kenako anawerama.

"Bodza ili. Mtengo wa mapeyala uwu anadula chaka chatha. Anandiuza a Magdalena, aneba athu akale."

"Chithunzichi n'chakale," anatero a Malizani, akuloza timalemba tapansi. "Anajambula zaka zinayi zapitazo, mwezi wa Juni."

Mayiwo anakhala pampando uja anaukana.

"Ndiye kuti bambo ake anali moyo," anatero motsitsa mawu. "Nanga choyera ichi pakhomopa?"

Aphunzitsi anakulitsa chithunzicho, koma sanachizindikire.

"Ufa wanga umenewo! Ndinayanika pamphasa. Inu ophunzira simuona?" Mayiwo anaseka, misozi ili mbwembwembwe. "Mtengowu anadzala bambo ake, Cathy atangobadwa. Akaweruka ankakhala patsinde pake, nsapato atavula, akunditcha kapitawo chifukwa cha pakamwa pangapa. Apa ndi pa mpopi, pamene tinkakanganirana mzere. Apa pa shedi, pokwezera tiyi pasikelo. Umu munkakhala a Stewart, ankaimba nyimbo za Chilomwe ndi mawu onga a bakha."

Chala chawo chokhakhala ndi tiyi chinayenda nyumba ndi nyumba, osaphonya dzina ngakhale limodzi. Cathy anamvetsera kukamwa kuli yasa. Chimwalirireni bambo ake, amayi ake anali asanawatchulepo.

"Mapuwa alibe maina amenewo," anatero a Malizani. "Lachisanu mubwere mudzawafotokozere ana m'kalasi. Ambiri mwa iwo anabadwira m'malainimu. Za Cathy ndikawachonderera ahedi kuti asamuchotse, poti katundu mwabweza nokha. Koma kutenga chinthu osapempha n'kulakwa. Atchetcha bwalo sabata yathunthu, ndipo mwezi uno tabuleti aziyionera kwa anzake."

"Masabata awiri," anatero mayiwo. "Chikwanje ndimupatsa ndine, chakuthwa. Akanakhala ndi nzeru akanandiitana kuno, osati kundinyazitsa chonchi."

"Pepani amayi. Pepani aphunzitsi."

Belu linalira. A Malizani anatambasula dzanja kuti atenge tabuleti, koma mayiwo anaigwira ndi manja onse awiri.

"Iwe, thamanga m'kalasi," anauza Cathy osadzutsa mutu. "Inu aphunzitsi, musazimitse kaye. Sindinafike kumapeto kwa laini."